Kuyezetsa likodzo pa kachipatala ka pulaiveti ku Mangochi: labu ndi yabwino, koma azimayi muzikadziyankhulira

Ndimagula usipa ndi utaka ku Msaka ndi ku Chembe n'kukagulitsa ku Limbe, ndiye miyendo yanga sichedwa kulowa m'madzi a nyanja. Pano ndikulemba za kachipatala kena ka pulaiveti ka pa boma la Mangochi komwe ndinakayezetsa likodzo limodzi ndi mwana wanga wamwamuna, wa sitandade 5. Dzina la chipatalacho ndalisunga, chifukwa zina zomwe ndinene ndi madandaulo, pomwe ena ogwira ntchito mmenemo anandithandiza ndi mtima wonse. Ndalama yanga sinapite pachabe. Matenda anapezeka, mankhwala ndinalandira oyenera, ndipo lero ndikupeza bwino. Koma izi zinatheka chifukwa cha mnyamata mmodzi wa mu labu, komanso chifukwa ndinaumirira. Mayi wamanyazi akanatuluka pakhomo lomwe lija atanyamula mankhwala a chinzonono, likodzo lake lili chikhalire.

Vuto langa linali lakale ndithu. M'munsi mwa mchombo munkawawa pang'onopang'ono, chikazi chinkatuluka chambiri, kumaso kunkayabwa, ndipo nthawi zina timagazi tinkaoneka ndikakhala malo amodzi ndi bambo a kunyumba, ngakhale ndisali kumwezi. Kwina komwe ndinapita poyamba anandibaya jakisoni, kundipatsa makapisozi, n'kundiuza kuti ndikabwere ndi amuna anga. Amene muli pabanja mukudziwa zomwe mawu amenewa amadzetsa m'nyumba. Mankhwalawo tinamwa tonse awiri, aliyense akukayikira mnzake mumtima, koma kuyabwa ndi kuwawa sikunasinthe. Azakhali anati amenewo ndi mauka, andiperekeze kwa agogo ena akandidule. Ndinakana.

Nkhani inatembenuka chifukwa cha mwana. Ndikuchapa ndinaona timadontho tofiira kutsogolo kwa kabudula wake wamkati. Nditamufunsa mofatsa anaulula kuti wakhala akuona magazi kumapeto kwa mkodzo, ndipo anzake anamuuza kuti asadandaule, ndiye kuti wakula. Mwana ameneyu tchuthi chilichonse amapita nane kunyanja, ndipo ine ndikamawerengera mabeseni iye amakhala akusambira ndi ana a asodzi mpaka maso kufiira. Ndinaganiza kuti ngati madzi amenewo amupatsa likodzo, ineyo amene ndimaima momwemo potsitsa nsomba m'bwato andisiya bwanji?

Polandirira odwala palibe zambiri zonena. Mabenchi alipo, pamthunzi, ndipo mzere umayenda. Amalandira Airtel Money ndi Mpamba, zomwe zimathandiza ife amene sitikonda kuyenda ndi ndalama m'thumba la chitenje. Chomwe sichinandisangalatse n'chakuti mitengo sanaimate pakhoma. Umalipira kuti uonane ndi adokotala, kenako umalipiranso ku labu, kenako pawindo la mankhwala, ndipo paliponse mtengo umaumva utafika kale. Zonse pamodzi, za ine ndi mwana, zinandidyera pafupifupi theka la phindu la ulendo umodzi wa ku Limbe. Kwa munthu wa geni yaing'ono ndi ndalama yoti ayambe waidziwa asanakhale pabenchi.

M'chipinda cha adokotala ndi momwe ndinakhumudwa. Anali bambo aulemu wawo, anatipatsa moni bwinobwino, koma anali pachangu. Nditangotchula chikazi ndi kuyabwa, cholembera chinali chitayamba kale kuyenda m'buku langa la kuchipatala.

"Bambo akunyumba amayendayenda?" anandifunsa.

Ndinati, "Adokotala, mankhwala amene mukulembawo ndinamwa kale, ine ndi amuna anga, ndipo sanathandize. Ntchito yanga ndi ya kunyanja. Mwana uyu akukodza magazi. Ndikupempha kuti mutiyeze likodzo tonse awiri."

"Mwanayu inde, zikuonekeratu. Koma inu amayi, mkodzo wanu uli ndi magazi?"

"Sindinawaonepo."

Anapukusa mutu, komabe analemba kapepala ka ku labu ka anthu awiri. Pamenepo ndiwayamikire, sanakangane nane. Koma chipatala chimenechi chili poti munthu angayende wapansi kukafika ku mtsinje wa Shire, pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe. Odwala ambiri amene amakhala pa mabenchi aja amachapa, kusamba ndi kutsuka mbale m'madzi amenewa. Kwa mayi aliyense wodandaula za m'munsi mwa mchombo, funso loyamba pa malo otere liyenera kukhala lakuti kodi mumalowa m'nyanja kapena mumtsinje. Ine sanandifunse. Nyongolotsi za likodzo anazitulukira dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, mu 1851 ku Cairo, ndiye si matenda achilendo oti mpaka lero azingowadziwira pa kabudula wa anyamata.

Ku labu kunali kwina. Mnyamata amene tinamupeza anawerenga kapepala, anayang'ana wotchi ya pakhoma, n'kunena kuti, "Amayi, nthawi ikadali m'mawa kwambiri. Pitani mukadye kaye, mumwe madzi, mubwere cha m'ma 11 koloko." Ndinaganiza kuti akungotizengereza, koma anafotokoza kuti mazira a likodzo amatuluka ambiri mumkodzo kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana, ndipo mkodzo wa m'bandakucha ungathe kunamiza. Anatipatsa timabotolo tiwiri, atalemba kale mayina, n'kutilangiza kuti tionetsetse kuti madontho omalizira alowa m'botolo, poti mazira ambiri amatsalira kumapeto.

Apa ndinenepo za chimbudzi, poti ndi komwe tinapita ndi timabotoloto. Chitseko sichikhoma, madzi pampopi panalibe, sopo kunalibe, ndipo pansi panali ponyowa. Mwana ndinachita kumugwirira chitseko, iyenso n'kundigwirira. Pa chipatala cholipira, pomwe anthu akutumizidwa kukatunga mkodzo tsiku lonse, izi n'zosayenera. Ndowa ya madzi ndi kachidutswa ka sopo si zinthu zodula.

Titabwerera, mnyamata uja anaviika kapepala kakang'ono kautali m'botolo lililonse. Ka mwana kanasanduka kobiriwira kwambiri nthawi yomweyo. Kanga kanatenga kanthawi, kenako kanaonetsa timadontho tobiriwira. Anati amenewo ndi magazi osaoneka ndi maso. Sanalekere pomwepo, ngakhale ndamva kuti malo ena amalekera pomwepo. Anathira mkodzowo m'timachubu, kutiika m'kamakina kozunguza, kutaya madzi a pamwamba, n'kudontheza zotsalira pansi pa kagalasi. Za mwana sanachedwe nazo. Zanga anakhala nazo nthawi yaitali, diso lili pa maikulosikopu, dzanja likusuntha kagalasi pang'onopang'ono, mpaka anati, "Bwerani muone nokha."

Ndinaika diso. Poyamba ndinangoona kuwala, kenako anapotoza kachitsulo ka pambali ndipo chinthucho chinaonekera bwino: dzira loumbika ngati kanjere ka nkhaka, loyera mooneka mkati, ndi kaminga kakuthwa kumapeto kwake. Mkati mwake munali kanthu kopindika. Pa kagalasi ka mwana mazira otere anali mbwee, ena atagundana. Pa kanga anali owerengeka. Anandiuza kuti akuluakulu nthawi zambiri amatulutsa mazira ochepa, ndipo mayi angathe kukhala ndi likodzo m'njira yoberekera mkodzo wake osaonetsa dzira ngakhale limodzi. Ndinamufunsa kuti kaminga kaja n'kachiyani. M'malo mondithamangitsa poti panja panali anthu ena, anatenga mphindi zingapo kundifotokozera ulendo wonse wa kachilomboka, ndipo zomwe anandiuza ndinadzazimvanso kwa alangizi a zaumoyo pa msonkhano wa komiti ya pagombe.

Dzira lija likatuluka ndi mkodzo n'kugwera m'madzi a nyanja, mtsinje, damu kapena ngalande ya m'munda wa mpunga, limaswa kachilombo kosambira komwe kamasakasaka nkhono ya m'madzi. Kakapanda kuipeza tsiku lomwelo kamafa. Kakaipeza kamalowa n'kuswana mkati mwake, ndipo pakatha mwezi kapena kuposerapo nkhono imodziyo imayamba kulavula tizilombo tambirimbiri ta mchira wamphanda, makamaka dzuwa likakwera, nthawi yomwe ana amathamangira kukasambira. Tizilomboti sitifuna bala kuti tilowe. Timaboola khungu labwinobwino pa mphindi zochepa, munthu n'kungomva kuyabwa pang'ono kapena osamva kanthu. Tikalowa timayenda ndi magazi, timakulira m'mitsempha ya kuchiwindi, n'kusanduka nyongolotsi zotalika sentimita imodzi kapena ziwiri. Yaimuna imafungatira yaikazi, ndipo ziwirizo zimakakhazikika m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo ndi ziwalo zoberekera. Mmenemo zimakhala zaka, yaikazi ikuikira mazira mazanamazana tsiku lililonse.

Chomwe chimadwalitsa munthu kwenikweni ndi mazirawo. Ena amabowola khoma la chikhodzodzo n'kutuluka, ndiye magazi aja mwana ankaona. Ena amakanirira m'minofu, thupi n'kumalimbana nawo mpaka pamalopo pamachita zilonda ndi zipsera. Kwa mayi amakanirira pa khomo la chiberekero, m'njira yoberekera ndi m'machubu. Kuwawa kwanga, chikazi ndi timagazi tija zinali kuchokera pamenepo. Likakhalitsa zaka zambiri osachizidwa, likodzo limatha kutseka njira za mkodzo, kuwononga impso, ngakhale kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo.

Ndiye zomwe tinkauzidwa tili ana, zoti likodzo limabwera ukadya nzimbe zambiri, ukaponda pomwe wina wakodza kapena ukanyambita mchere, sizoona. Sulitenganso pogona ndi munthu. Popanda nkhono ndi madzi, kachilomboka sikangachoke mwa munthu wina kulowa mwa mnzake. Nditafika kunyumba mfundo imeneyi ndi yomwe ndinayamba kuwauza amuna anga, ndipo inachotsa chinthu chomwe chinali chitakhala pakati pathu kwa nthawi yaitali.

Akuluakulu a ku Chembe amanena kuti kale likodzo linali la m'madambo, m'mabango ndi m'zithaphwi, osati la pamchenga woyera pomwe mafunde amamenya. Sakunama. Jay Stauffer wa ku yunivesite ya Penn State ku America, amene wafufuza nsomba za m'nyanja yathu kwa zaka zambiri, iye ndi anzake analemba zoti pali nkhono ina yotchedwa Bulinus nyassanus, yopezeka m'nyanja ya Malawi mokha, yomwe imakhala pamchenga wa poyera ndipo imanyamula likodzo. Nkhonoyi inachuluka m'mbali mwa gombe pomwe nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa chopha nsomba mopitirira muyeso. Nkhani imeneyi imandikhudza ngati munthu wodya za m'nyanja. Khoka la maso ang'onoang'ono, lina losokereredwa neti ya udzudzu, likakokedwa m'mbali mwa gombe limasesa chilichonse, ndipo nsomba zomwe zikanatidyera nkhono zimathera pathandala zisanakule.

Palinso china chatsopano. Mu 2017 ofufuza anapeza m'mbali mwa nyanja ku Mangochi nkhono za mtundu wa Biomphalaria, zomwe zimanyamula likodzo la m'matumbo, ndipo matendawo anayamba kupezeka mwa ana a sukulu a m'mphepete mwa nyanja. Limeneli mazira ake amatuluka ndi chimbudzi, osati mkodzo. Limayambitsa kupweteka m'mimba, kutsegula kosakanikirana ndi magazi, ndipo likakhalitsa limaumitsa chiwindi, kutupitsa kapamba ndi kudzaza madzi m'mimba, mpaka ena kusanza magazi. Ndinapempha kuti atiyezenso chimbudzi, koma anati zipangizo zake zinali zitatha. Mnyamata wa mu labu anandilimbitsa mtima kuti mankhwala ake ndi amodzimodzi. Zimenezo n'zoona, komabe chipatala cha ku Mangochi lero sichiyenera kusowa zoyezera mtundu umenewu, chifukwa mwana amene ali nalo la m'matumbo lokha mkodzo wake udzaoneka woyera ndipo adzabwezedwa kunyumba.

Pawindo la mankhwala anachita bwino. Anesi anatikweza pasikelo aliyense payekha, titavula nsapato, n'kuwerengera papepala ndikuona. Mankhwala ake ndi praziquantel. Mbulu umodzi ndi wa mamiligalamu 600, ndipo munthu amamwa mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Ine wa makilogalamu 68 anandipatsa mibulu inayi ndi theka, mwana wa makilogalamu 30 anamupatsa iwiri. Anandionetsa deti la pabotolo ndisanafunse. Kenako anati, "Mayi, mwadya chiyani?" Nditati tiyi ndi mandasi, anakana. Anatituma kukadya nsima kaye pa lesitilanti ya pafupi, ndipo mibuluyo tinamwera pamaso pawo titabwerako.

Mbulu wake ndi woyera, wautali, wokhala ndi timizere todulira. Ndi waukulu moti umakakamira pakhosi, ndipo kuwawa kwake mkamwa n'kosaneneka. Theka lija, poti linali lodulidwa, linandigunda lilime ndisanameze, ndipo malovu owawa anakhala mkamwa mpaka madzulo. Musamatafune, ingomezani ndi madzi ambiri. Patapita ola limodzi mutu unayamba kuzungulira, mseru unabwera, m'mimba munkapota. Mwana anadandaula za m'mimba kenako anagona tulo tofa nato pabenchi ya kwa achemwali anga komwe tinafikira. Kutacha tonse tinali bwino. Anesi anali atatichenjeza kale za zonsezi, ndiye sindinachite mantha. Langizo langa n'lakuti tsiku lomwa mankhwalawa musakonze ulendo wa pa matola kapena pa kabaza, ndipo amene mumayendetsa galimoto kapena njinga yamoto muisiye kaye.

Kukwera pasikelo kumeneku ndi komwe kumasiyanitsa chipatala ndi anyamata ogulitsa mankhwala pamsika. Kugombe ndaonapo wina akugulitsa mibulu iwiriiwiri kwa aliyense, kaya ndi kamtsikana kowonda kaya ndi bambo wa thupi lake, mibulu yake yopanda botolo, yongokulungidwa m'kapepala. Bambo wotero amamwa theka la mlingo wake, magazi amasiya kwa kanthawi, iye n'kumati wachira.

Wina angafunse chifukwa chomwe ndinalipirira mankhwala omwe boma limapereka ulele. N'zoona, ku zipatala za boma akakhalapo salipiritsa, ndipo alangizi a zaumoyo amawagawa m'masukulu, komwe m'malo mwa sikelo amayeza msinkhu wa mwana pa ndodo yolembedwa mizere. Ambiri mwa mankhwala a m'masukuluwa ndi omwe kampani ya Merck ya ku Germany yakhala ikupereka kwaulere kudzera ku bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO kuyambira 2007. Ntchito imeneyi ndi yabwino ndipo makolo tisamaletse ana. Mwana akachita chizungulire atamwa, kawirikawiri n'chifukwa choti wapita kusukulu osadya, osati zoti mankhwalawo ndi olera monga ena amanong'onezana. Wanga anaphonya chifukwa tsiku logawalo sanapite kusukulu. Koma ife akuluakulu oyendayenda, lero kugombe mawa ku Limbe, zogawazo zimatipitirira. Komanso ine sindinkangofuna mbulu. Ndinkafuna kudziwa chomwe chinkandidya, ndipo yankho limenelo ndinalipeza pa maikulosikopu paja.

Tsopano zomwe sanandiuze, ndipo ndi zambiri kwa chipatala chomwe ndinalipira. Palibe amene anatchula tsiku lobwereranso. Ndinadzamva kwa alangizi a zaumoyo kuti praziquantel amapha nyongolotsi zikuluzikulu koma tating'ono tomwe tangolowa kumene timapulumuka, ndiye munthu amene anali m'madzi masabata apitawo ayenera kuyezedwanso pakapita mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo mwina kumwanso. Sanandiuzenso kuti mankhwalawa si katemera. Ukamwa lero n'kukalowa mawa pomwe pali nkhono zodwala, ulendo umayambiranso.

Chachikulu chomwe anasiya ndi cha ife azimayi. Atapeza mazira mumkodzo wa mayi amene wabwera akudandaula za chikazi ndi kutaya timagazi, anayenera kundiyang'ana khomo la chiberekero kapena kunditumiza koyenera. Ndinapita ndekha komwe amayeza khansa ya khomo la chiberekero ndi viniga, ndipo anesi a kumeneko, nditawauza za likodzo, anayang'anitsitsa n'kundiuza kuti akuona timabala tooneka mwamchengamchenga, tomwe mazira amasiya. Anati mankhwala amapha nyongolotsi koma zipsera zakale sizichoka zonse, n'chifukwa chake atsikana ayenera kulandira mankhwala akadali aang'ono. Bungwe la WHO limayerekeza kuti azimayi ndi atsikana okwana 56 miliyoni mu Africa muno ali ndi likodzo la ziwalo zoberekera. Limatha kulepheretsa mayi kutenga pathupi, kuchititsa kuti mimba ikhale m'chubu, komanso timabala tija timatsegulira njira kachilombo ka HIV. Ndikaganiza za anzanga a pathandala amene akhala akunyozedwa kuti ndi osabereka kapena oyendayenda, ena mpaka mabanja kutha, mtima umandiwawa. Ambiri mwa iwo anakulira m'madzi omwewa ndipo palibe amene anawayezapo mkodzo.

Abambonso sanasiyidwe. Dr Sekeleghe Kayuni, dokotala wa kuno kwathu, anachita kafukufuku pakati pa asodzi a m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi ndipo anapeza mazira a likodzo mu umuna wa ena mwa iwo. Bambo amene akumva kuwawa pokhala ndi mkazi wake kapena akuona magazi mu umuna asathamangire kuganiza kuti wina wamutchera kapena mkazi wamubweretsera matenda. Amuna anga si msodzi, koma amandithandiza kunyamula mabeseni kugombe, ndiye nawonso anapita ku chipatala chomwechi. Kwa iwo adokotala sanavute konse.

Ndinafunsanso za kamdzukulu ka achemwali anga, ka zaka zitatu, komwe amayi ake amakakhazika m'madzi osaya akamachapa. Anesi anati ana otere amatenga likodzo ndithu, kungoti mibulu ija ndi yaikulu ndi yowawa, ndiye amachita kuiphwanya, mwana n'kumalavula. Pali mankhwala atsopano opangidwira ana a miyezi itatu mpaka zaka zisanu ndi chimodzi, otchedwa arpraziquantel, osungunuka m'madzi komanso osawawa kwambiri, omwe bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linawavomereza mu Disembala 2023. Pachipatalachi analibe. Za amayi oyembekezera ndi oyamwitsa anandiyankha bwino, kuti WHO imalola kuti alandire praziquantel, koma azipita kuchipatala osati kukagula okha.

Zotsatira zake kwa ife zinali zabwino. Mkodzo wa mwana unayera patangopita masabata ochepa, ndipo wayamba kunenepa, tulo ta m'kalasi tomwe aphunzitsi ankadandaula tatha. Kwa ine zinatenga miyezi. Kuyabwa kunayamba kutha, timagazi tinasiya, kuwawa kwa m'munsi mwa mchombo kumabwera mwa apo ndi apo koma kosafanana ndi kale. Titabwerera kukayezetsanso, mnyamata yemwe uja anafufuza mofatsa monga poyamba ndipo sanapeze dzira kwa tonse awiri. Ulendo umenewo ndinalipira za labu zokha, sanandikakamize kuonananso ndi adokotala. Chimbudzi chinali chimodzimodzi.

Pakhoma la polandirira odwala pali chithunzi cha mwana akusambira, chodulidwa ndi mzere wofiira, cholembedwa kuti tipewe kusamba m'nyanja ndi m'mitsinje. Amene anachijambula ankafuna zabwino, koma kwa ine ndi anzanga uphungu umenewo sungatheke wonse. Bwato silifika pamtunda pouma. Usipa umatsukidwa m'nyanja usanapite pathandala. Mayi wa ku Lifuwu kapena ku Domasi sangaoke mpunga ali pamtunda. Ndikanakonda achipatala akanatiuza zomwe tingathe. Ine ndinagula majombo, ndipo ndimawavala potsitsa nsomba ngakhale anzanga ena amandiseka. Kusamba ndimasamba madzi a pamjigo. Kukakhala kuti mjigo uli kutali, madzi a m'nyanja ndimawatenthetsa, kapena kuwasunga m'ndowa yopanda nkhono masiku awiri, poti tizilombo tija sitikhala ndi moyo kupitirira pamenepo tikasowa munthu. Mwana ndiye wovuta, sungamuletse nyanja ali pagombe, choncho ndagwirizana naye kuti akaona chilichonse chofiira andiuze tsiku lomwelo, ndipo mankhwala a kusukulu asawaphonyenso.

Gwero lenileni lili pagombe pomwepo. Nyengo ya usipa asodzi ndi ogula amasonkhana mazanamazana, zimbudzi zili zowerengeka, zina zodzadza, zina zolipiritsa. Usiku anthu amangolowera kumadzi. Munthu mmodzi wa likodzo akakodza pomwe pali nkhono wadwalitsa gombe lonse. Nkhaniyi taiyamba mu komiti yathu, kuti pa ndalama zomwe amatolera kwa ogula nsomba gawo lina lipite ku zimbudzi ndi kuzisamala, ndipo ikadali yokangana.

Kwa amene ali pafupi ndi boma la Mangochi ndipo angakwanitse kulipira, kachipatala aka ndikuti pitani, makamaka chifukwa cha labu ndi pawindo la mankhwala. Funsani mitengo yonse itatu musanalipire woyamba. Tengani buku lanu la kuchipatala kuti aone zomwe munamwa kale, nyamulani sopo ndi botolo la madzi, ndipo mufike moti mkodzo mukapereke dzuwa litakwera, mutadya nsima osati tiyi yekha. Azimayi, musadikire kufunsidwa. Nenani nokha kuti mumachapa, kusamba kapena kugwira ntchito m'nyanja, mumtsinje kapena m'munda wa mpunga, ngakhale zitakhala kuti zinali zaka zapitazo muli mtsikana, ndipo pemphani kuti mkodzo auyang'ane pa maikulosikopu, osati kuviikamo kapepala kokha. Loweruka labu imatseka masana, ndipo Lamulungu sagwira ntchito.